Mbande za pa Zenera la Namakani

Dzina loti Namakani anamupatsa ndi achimwene ake akali kamwana, ndipo tinene chilungamo, sanamunamizire. Mtsikana ameneyu ukamuuza kuti khala pansi amaimirira, ukamuuza kuti imirira amafunsa kuti chifukwa chiyani. Tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ankakhala m'kachipinda kakumapeto m'nyumba ya achimwene akewo, akusamalira bambo awo amene anafa ziwalo mbali ya kumanzere. Kuwadyetsa ndi iye, kuwachapira ndi iye, kuwamwetsa mankhwala ndi iye yemweyo. Alamu ake, akazi a achimwene, ntchito yawo inali youza alendo kuti, "Ife bambo timawasamala kwabasi."

Kachipindako kanali kothina, koma kanali ndi zenera lalikulu lolandira dzuwa lonse la m'mawa. Zenera limenelo ndi lomwe linayambitsa nkhani.

Loweruka lina, nyengo yozizira ikutsanzika koma chisanu cha m'mawa chikulumabe zala, Kalipentala anaima pageti ndi njinga yake, kumbuyo atamangirira timabokosi titatu tathabwa. Awiriwa anadziwana chifukwa cha tebulo. Achimwene anakakamira kuti Kalipentala awapangire tebulo la matabwa aawisi, iye anawachenjeza kuti lidzapindika, iwo sanamve. Tebulo litapindika, wolakwa anakhala mmisiri. Anabwera kudzalikonza kawiri. Ulendo wachitatu anabwera wopanda ngakhale hamala.

"Mwandibweretsera chiyani? Mabokosi a maliro a makoswe?" anafunsa Namakani.

"Iwe, pakamwa pakopo!" Kalipentala anaseka. "Umu muli dimba lathu. Tomato, tsabola ndi mabiringanya, njere makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Kuseri kwa nyumba yanga mabedi ndalima kale, koma ndikafesa panja chisanu chipha zonse. Zenera langa limayang'anana ndi khoma la aneba. Lako ndilo lili ndi dzuwa."

"Ndiye mukufuna zenera, osati mwini zenera?"

"Ndikufuna zonse. Mbande zikakula tikawokere limodzi kwathu, ndipo iwe usabwererenso kuno."

Mtima wa Namakani unadumpha, koma nkhope anaiumitsa dala. "Kufunsira kwa akalipentala ndi kumeneku eti? Anzanu amabweretsa maluwa, inu mwabweretsa dothi."

"Dothi lake losefa," anatero iye mopanda manyazi, "ndasakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino. Tamvetsera. Uzithirira ndi botolo loboola chitsekerero, pang'onopang'ono, chifukwa madzi akachuluka zimaola patsinde. Pulasitikiyi uchotse zikangomera. Tsiku lililonse uzitembenuza mabokosi kuti zisapendekere mbali imodzi pofuna dzuwa. Koma chachikulu ndi ichi: zikakula usadzazitulutse panja tsiku lonse nthawi imodzi. Mbande zokulira m'nyumba n'zanthete. Tsiku loyamba ola limodzi pamthunzi, lachiwiri maola awiri, choncho mpaka zizolowere. Ukapupuluma zimapsa."

"Ndamva, aphunzitsi."

Analandira mabokosi aja, ndipo zala zawo zinachedwa kulekana. Namakani ankamukonda munthu ameneyu, kumukonda kwenikweni, ngakhale ankadziwa kuti mkangano amauopa ngati mmene mwana amaopera jakisoni.

* * *

Tsiku lachisanu ndi chimodzi timitu tobiriwira tinasuzumira m'dothi. Namakani anakuwa mpaka bambo anaitana ali kuchipinda kwawo kufunsa ngati kwagwa zovuta. Anajambula ndi foni n'kutumiza kwa Kalipentala.

"Ana anu abadwa," analemba.

"Akufanana ndi ndani?"

"Ndi inu. Makosi owonda, ndipo sakuyankhula."

"Dikira akule. Pakamwa atengera mayi awo."

Chimwemwe chimenechi sichinathe sabata. Lamulungu masana achimwene anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuona mabokosi ali ndandanda pazenera. Poona mmene makona ake analumikizidwira anazindikira nthawi yomweyo kuti ndi dzanja la ndani. Anamuitanitsa Namakani pakhonde, pomwe panali bambo pampando wawo, alamu, ndi mng'ono wa alamu amene aliyense ankamutchula kuti Chidole chifukwa cha zodzola ndi zikhadabo zazitali. Chidoleyu anabwera kudzacheza sabata ziwiri, ndipo uwu unali mwezi wake wachisanu.

"Zinyalala za munthu uja zikutani m'nyumba mwanga?" anafunsa achimwene.

"Zikumera, achimwene."

"Usandiyankhe choncho iwe! Munthu wolephera tebulo angathe banja?"

"Tebulo munalilephera ndinu. Iye anakuuzani kuti matabwa ndi aawisi."

"Iii, abale inu!" alamu anagwira pakamwa. "Mwana ameneyu ulemu anausiya kuti?"

Namakani sanawayang'ane n'komwe. Maso anali pa achimwene ake basi. "Tiyeni tinene zoona lero. Kalipentala simudana naye chifukwa cha tebulo. Mukuopa kuti ndikachoka pano, wodzuka m'mawa kuwamwetsa bambo mankhwala adzakhala inu kapena alamu."

Alamu anayamba kufunafuna kanthu m'thumba la diresi lopanda kanthu. Achimwene anapsa mtima mpaka mtsempha wa pakhosi unaonekera, koma poti zinali zoona, anathawira kuseka.

"Chabwino, Namakani. Udzu wakowo ukakafika m'dimba mwa kalipentala wakoyo uli wamoyo, ndidzamupatsa mpando m'nyumba muno, adzanene zomwe akufuna ndipo ndidzamumvera. Koma ukafa, dzina lake ndisadzalimvenso pakhomo pano."

Ankanena mongonyoza. Kodi iwo ankadziwa kuti akuyankhula ndi ndani? Namakani anatembenukira kwa bambo ake.

"Bambo, mwamva zomwe anena achimwenezi?"

"Ndamva," anatero bambo ndi mawu awo okokakoka.

"Alamu, mwamva?"

Alamu anayang'ana kumbali. Chidole yekha ndiye anamwetulira, akupala chikhadabo.

* * *

Kuyambira tsiku limenelo mbande zija zinasanduka mlandu wa Namakani. M'mawa asanatsuke n'kumaso komwe ankapisa chala m'dothi kuona ngati lauma. Pomwe zinamera ziwiri ankadula yofookayo ndi sizasi, osazula, kuopa kusokoneza mizu ya inzake. Ankazitembenuza, ankazisisita pamwamba ndi chikhatho kuti matsinde alimbe, madzulo ankazichotsa pafupi ndi galasi kuti kuzizira kusazilowe. Masamba enieni atatuluka, m'chipinda monse munamveka fungo la tomato. Pakhoma anamata pepala lomwe Kalipentala analemba ndi pensulo yake yonenepa ya kuntchito: tsiku loyamba ola limodzi pamthunzi, tsiku lachiwiri maola awiri, mpaka tsiku lakhumi.

Tsiku lina Chidole analowa wosagogoda, n'kuyamba kuwerenga pepalalo mokweza, mawu akuwakometsera ngati wowerenga nkhani pawayilesi.

"'Osaziika padzuwa lamasana. Zimapsa.' Ha! Ndiye kulemba kwake n'kokongola bwanji. Inenso anandilembera, koma osati za tomato."

"Anakulembera chiyani?"

"Miyezo ya kashelefu kanga ka zodzola. Ndinapita ku shedi kwake dzana. Munthu uja manja ali nawo, ndipo akamaseka kadzino kamodzi kamabisala. Unaona?"

Namakani anaona kalekale, ndipo kumva wina akukatchula kunamuwawa kwambiri. Nsanje inamugwira, sitingabise. Koma anangopitiriza kuthirira.

"Ukatuluka utseke chitseko," anatero. "Mafuta ako akununkhitsa mbande zanga."

Chitseko chitatsekeka anatola foni n'kulembera Kalipentala.

"Ndamva mwayamba kupanga mashelefu a zidole."

"Ndi kasitomala chabe. Ndikanamuthamangitsa?"

"Eya."

"Iwe, usapse mtima. Ukudziwa kuti ine kukana munthu pamaso sinditha."

"Muphunzire. Ine kuno ndikukana nyumba yonse chifukwa cha inu."

Kenako unabwera uthenga wakuti, "Ndikudziwa. Ndine wako. Ana ali bwanji?"

"Akula. Mawa ayamba kutuluka panja."

* * *

M'mawa mwake anachita monga mwa pepala. Anatulutsa mabokosi onse atatu, n'kuwaika pamthunzi wa khoma lakukhitchini, iye atakhala pambali ndi foni m'manja kuwerenga mphindi. Ola litakwana anawabwezera pazenera n'kutseka chitseko. Linali tsiku lokatenga mankhwala a bambo kuchipatala, ndiye anawadyetsa, anawakhazika pampando wawo pakhonde, n'kunyamuka.

Mzere unali wautali tsiku limenelo. Ali komweko, kunja kunasintha. Dzuwa lomwe linakhala likunyengerera masabata onsewa linangotulukira ndi ukali, mphepo youma ikuomba. Namakani anavula juzi, akuthokoza mumtima kuti mbande zake zili m'nyumba.

Anafika pakhomo cha m'ma thuu koloko. Atangotsegula geti anaona mabokosi atatu ali pamwamba pa malata a khola la nkhuku, pakati pa bwalo, padzuwa lang'aning'ani.

"Mayo ine!"

Jumbo ya mankhwala inagwa. Anathamanga, malata anamuotcha zala pochotsa mabokosi, koma sanamve. Mbande zinali lende, zitagona padothi ngati ulusi wonyowa. Masamba omwe m'mawa anali biriwiri tsopano anali otuwa, ena atauma m'mphepete moti ukakhudza ankanyenyeka. Masabata asanu a ntchito! Anazilowetsa m'chipinda, anatseka katani, anadonthezera madzi m'dothi, misozi ikudonthera momwemo. Atatero anapukuta kumaso ndi mkono n'kutuluka.

Alamu ndi Chidole anali pabalaza akuonera kanema.

"Ndani walowa m'chipinda mwanga?"

"Usatikuwire ife," anatero alamu. "Mbewu zimafuna dzuwa, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa."

"Ndafunsa kuti ndani!"

Chidole anatambasula zala zake n'kuziyang'ana. "Ine ndangotumidwa. Munthu wamkulu akakutuma umakana?"

"Wakutuma ndani?"

"Ndine, mwana wanga."

Mawuwo anachokera pakhomo la pabalaza. Bambo anali ataima chotsamira ndodo, mkono wakufawo ukulendewera.

"Chidoleyu anandiyendetsa mpaka kuchipinda kwako, kuti ndikaone," anapitiriza bambo. "Ndinaziona zili zowondawonda. Ine ndalima zaka makumi anayi, sindinaonepo mbewu ikukulira m'chipinda ngati wodwala. Ndinati zitulutseni zikawothe dzuwa, mwana wanga apambane mlandu wake. Ndimayesa ndikukuthandiza."

Ukali wonse wa Namakani unasowa kolowera, chifukwa munthu angakalipire bwanji bambo ake amene alakwa chifukwa chomukonda? Anawagwira dzanja n'kuwakhazika pansi. Kenako anatembenukira kwa Chidole pang'onopang'ono.

"Bambo sanawerenge pepala lija. Iwe unaliwerenga mokweza. Bambo anati padzuwa. Za pamalata anakuuza ndani?"

"Ndi pomwe panali dzuwa lambiri," anayankha Chidole, maso ali pakanema.

Kukanakhala kuti bambo palibe, zikhadabo zija zikanatoleredwa pansi tsiku limenelo.

* * *

Patapita masiku atatu zinadziwika zomwe zatsala. Mabiringanya onse anapita. Zomwe zinadzuka zinali zisanu ndi zinayi zokha, tomato zisanu ndi tsabola zinayi, zomwe zinali m'makona momwe thabwa linkachita kamthunzi. Namakani anazisamutsira m'bokosi limodzi ndi supuni, iliyonse ndi dothi lake.

Namakani anamuuza Kalipentala tsiku lomwelo la ngozi. Yankho linali lalifupi: "Pepa kwambiri. Usataye mtima. Ndili ndi alendo, ndikuimbira." Koma sanaimbe. Namakani anaimba kawiri, foni inangolira. Anadziuza kuti ndi ntchito, ngakhale mtima sunakhazikike.

Lachisanu madzulo achimwene anaima pakhomo la chipinda chake, manja ali m'thumba.

"Ndamva udzu uja wapsa. Ndiye nkhani yatha."

"Zatsala zisanu ndi zinayi."

"Mwa makumi anayi ndi zingati? Usandiseketse."

"Simunatchule nambala, achimwene. Munati zikafike zamoyo. Izi zikupuma."

"Iwe, ndatopa nawe! Mawa ndikamabwera kogula nyuzi ndipeze mabokosi amenewa ali kudzala. Ukapanda kutaya, nditaya ndekha."

Loweruka m'mawa Namakani anapita kuchipinda kwa bambo ndi madzi ndi mapiritsi monga mwa masiku onse. Chidole anali atatuluka kale mbandakucha, komwe anapita osanena. Bambo anameza mankhwala, kenako anamugwira pamkono ndi dzanja lawo lamoyolo.

"Ndamva za dzulo. Nyamula zotsalazo upite."

"Bambo, nanga inu?"

"Mchimwene wako ali ndi manja awiri. Mkazi wakenso ali ndi awiri. Ine ndili ndi limodzi, koma kapu limagwira. Ndakuwonongera mbewu, usalole kuti ndikuwonongerenso moyo."

"Simunandiwonongere kanthu."

"Ndikuona ine. Zaka zinayi wakhala m'kachipinda kaja chifukwa cha ine, ndipo anthu awa azolowera. Pita, uzibwera kudzandiona. Akakutsekera geti ndidzatuluka ndekha ndi ndodo yangayi."

Namakani analira, kulira kwenikweni, mutu uli pabondo la bambo ake. Atatha anatenga pepala n'kulemba ndi zilembo zazikulu: piritsi loyera m'mawa atadya, lofiira masana, theka la loyera madzulo, mchere wochepa, kuwayendetsa pabwalo kawiri. Analimata pachitseko cha chipinda cha achimwene ndi alamu, osati cha bambo.

Anaika zovala m'chikwama, anaphimba bokosi ndi kansalu kopyapyala kuteteza dzuwa, n'kulisenza pamutu. Pageti anakumana ndi achimwene akubwera ndi nyuzi kukhwapa.

"Kudzala si uko," anatero iwo.

"Ndikudziwa. Ndikupita nazo kudimba. Munati zikafike zamoyo, ndiye ndikukazifikitsa."

Achimwene anaona chikwama chija, nkhope inasintha. "Namakani, ukatuluka pageti ili ndi chikwama chimenecho, usadzabwerenso. Ndikunenetsa."

"Ndidzabwera kudzaona bambo anga, ndipo mudzanditsegulira. Mankhwala a masana ndi thwelofu koloko. Lofiira."

"Munthu ameneyo adzakukhumudwitsa! Alibe msana!"

"Msana ndili nawo ine, utikwanira tonse. Tandipatseni njira, achimwene, mbande zikumva kutentha."

Sanasunthe, ndiye anawalambalala. Kumbuyo kwake geti linamenyetsedwa mpaka galu wa aneba anauwa. Namakani sanacheuke.

* * *

Kwa Kalipentala unali ulendo wa theka la ola. Anthu m'njira ankamuyang'ana, mkazi wosenza bokosi lophimba nsalu, chikwama paphewa, maso ofiira. Wina wogulitsa makala anafunsa ngati muli anapiye. Namakani anangopitirira. Ankayenda mosamala kuti dothi lisagwedezeke, mumtima akukonza mawu: ndabwera, ana anu ndi awa, otsala ndi ochepa koma ndi amakani ngati mayi awo. Ankaona kale mmene munthu uja adzasekere.

Pakhomo panalibe munthu, koma kuseri kunkamveka mawu ndi kuseka. Anazungulira nyumba, n'kuima.

Mabedi onse anayi anali atawokeredwa kale. Mbande zazikuluzikulu zogula kumsika zinali ndandanda, dothi lake lonyowa. Pakati pa mabedi panagwada Chidole, mpango kumutu, kumaso kopanda chodzola chilichonse, zikhadabo atawenga zonse. Kalipentala anali ndi ndowa m'manja. Pamthunzi, pampando wathabwa watsopano, panakhala mayi wachikulire wamagalasi, akuloza ndi kamtengo pomwe pafunika madzi. Mphuno yake inali ya Kalipentala yeniyeni. Alendo aja anali amenewa.

Woyamba kumuona anali Chidole, ndipo anamwetulira mwaulemu ngati mwana wa kwaya. Kalipentala atacheuka, ndowa inapendekeka, madzi n'kumuthira kumapazi.

"Odi," anatero Namakani.

Mayi aja anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kubokosi mpaka kumapazi afumbi.

"Mukugulitsa mbande, mayi? Pepani, mwachedwa. Mwana wabwino uyu watibweretsera kale. Masiku atatu onsewa wakhala akubwera kudzandiphikira, poti ndinapeza mwana wanga akudya ngati mbeta ya kundende. Akuti zoyamba zija mwana wangayu anapatsa munthu wina wosasamala, anaziwotcha padzuwa."

Namakani anatula bokosi pansi mosamala, n'kuchotsa kansalu. Timbande tisanu ndi tinayi tinaima pamenepo, tating'ono, masamba ena ali ndi zipsera. Sanayang'ane mayiwo, sanayang'ane Chidole. Anayang'ana Kalipentala.

"Auzeni amayi kuti ndine ndani."

Kalipentala anayang'ana amayi ake, anayang'ana chikwama chomwe chinali paphewa la Namakani, ndipo Namakani anaona kuti wamvetsa tanthauzo la chikwamacho. Anamvetsa ndithu.

"Ukumudziwa?" anafunsa amayi ake. "Tayankhula, iwe. Ndi ndani ameneyu?"

"Ndi... ndi mlongo wake wa kasitomala wanga, amayi."

Mawu amenewo anamulasa Namakani kuposa geti lomwe linamenyetsedwa kumbuyo kwake. Anamva manyazi, anamva ukali, ndipo kwa kamphindi anafuna kungotembenuka n'kuthawa. Koma athawire kuti? Chidole anaweramitsa mutu kubisa kuseka.

Namakani anatula chikwama pakhonde lakuseri. Anatola khasu lomwe linatsamira khoma, anayenda mpaka pabedi loyamba, n'kuzula mbande zisanu ndi zinayi za Chidole, imodzi imodzi, akuwerenga mokweza. Anaziika bwinobwino pamapazi a mwini wake.

"Aaa! Mtsikana iwe, wapenga?" amayi aja anaimirira, kamtengo kali m'mwamba. "Mwana wanga, muletse!"

Kalipentala sanaletse, sanavomereze, anangoima ndi ndowa yake. Namakani anagwada, anakumba kadzenje koyamba ndi zala, n'kuikamo tomato wake wamng'ono wazipsera. Anatsendera dothi mozungulira, kenako anadzutsa mutu.

"Bweretsani madziwo kuno, ndi masamba oti ndiphimbire, izi dzuwa sizinalizolowere," anauza Kalipentala. "Mukatero muwauze amayi anu kuti mlongo wa kasitomalayo kwawo amutsekera geti chifukwa cha inu. Alibe kokagona lero, ndipo pano sakuchokapo."